"Pano Ayi, Kagulitsireni Uko": Mbiri ya Fodya ndi Malamulo a Malo ku Ntcheu



Lero ndati tikambirane za fodya, koma osati kalimidwe kake. Za nazale, feteleza ndi kusoka masamba ndawasiyira alangizi. Yanga ndi nkhani ya malo. Kodi ndani amene amanena kuti fodya alimidwe apa osati apo, agulitsidwe pamsika uwu osati uwo, sitolo imangidwe tsidya lino la msewu osati linalo? Ambiri mwa inu amene munalemba MSCE simunalowe ntchito ya muofesi. Ena muli ndi maokala pa Kampepuza, pa Nsipe, pa Bawi ndi pa Sharpevale. Ena mumagulitsa chingambwe ndi fodya wofwenkha tsiku la msika. Enanso mukufuna kumanga shedi yosankhiramo fodya ndi kudindiramo mabelo kuti alimi azilipira. Nonsenu pali mawu amodzi amene mwakumana nawo kapena mudzakumana nawo, akuti: "Pano ayi."

Mawu amenewa ali ndi mbiri yaitali. Kwa zaka pafupifupi zana, aliyense amene anafuna kugwira chuma cha fodya m'dziko muno sanaletse fodyayo ayi. Ankangolamula malo olimapo ndi malo ogulitsirapo, basi ndalama n'kumayenda njira imene iye wafuna. Ndikufuna tione mmene zimenezi zinayendera, ndiponso njira zimene makolo athu anayesa polimbana nazo, kuti tidziwe zimene zinaphula kanthu ndi zimene zinalephera.

Fodya asanakhale ndi chiphaso

Fodya kwawo ndi ku America. Kuno anafika kudzera m'njira za malonda za kunyanja ya mchere, ndipo Apwitikizi amene anakhazikika ku Sena ndi ku Tete m'mbali mwa Zambezi anathandiza kumufalitsa. Akatswiri ena a zinenero amati ngakhale liwu loti fodya linachokera ku liwu la Chipwitikizi lakuti folha, kutanthauza tsamba. Pofika nthawi imene Angoni a Maseko ankakhazikika m'mapiri a kuno, fodya anali kale mbewu ya pakhomo. Munthu ankadzala mitengo yochepa pamalo pamene panali khola, n'kupota masamba ngati chingwe, kapena kuwapera kuti akhale wofwenkha. Wotsala ankasinthanitsa ndi mchere, nkhuku kapena khasu. Panalibe wofunsa chiphaso.

Fodya wa malonda akunja anayamba ndi azungu a m'mapiri a Shire. John Buchanan ndiye amatchulidwa kuti anayambitsa kulima fodya wa mtundu wa Virginia, ndipo woyamba kutumizidwa kunja anatuluka mu 1893. Mu 1908 kampani ya Imperial Tobacco inatsegula fakitale yake ku Limbe. Fodya ameneyu anali wa m'maesiteti, ndipo munthu wakuda ankamukhudza ngati wantchito kapena ngati wa thangata. Phindu silinali lake.

Bodi ya 1926

Zinthu zinasintha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1920. A. F. Barron ndi mnzake R. W. Wallace anatenga malo ku Mbabzi, kufupi ndi Lilongwe, ndipo anaona kuti kulima okha n'kodula. Anayamba kugawa mbande kwa anthu a m'midzi, kuwaphunzitsa kuwamba fodya ndi utsi, amene timati wa chikopa, kenaka n'kumagula masambawo. Mu 1925 dziko la Britain linachepetsanso msonkho wa fodya wochokera m'maiko amene linkalamulira, mitengo n'kukwera. Alimi akuda a fodya m'chigawo chapakati anachoka pa mazana ochepa mu 1923 kufika pa oposa 30,000 patangopita zaka zitatu kapena zinayi.

Kwa nthawi yochepa imeneyo mlimi anali pabwino. Ogula anachuluka, azungu ndi Amwenye omwe, ndipo ankalimbirana masamba. Wogula ankaimika sikelo m'mbali mwa msewu, mlimi akaona kuti mtengo wachepa ankasenza mtolo wake n'kupita pa sikelo ina. Amene anagawa mbande aja anakwiya, chifukwa fodya amene ankamuyesa wawo ankagulidwa ndi ena. Eni maesiteti a kumwera nawo anadandaula kuti antchito akusowa, poti munthu wopeza ndalama ya msonkho m'munda mwake sapita kukagwira ganyu kwa mzungu.

Yankho la boma la atsamunda linali bodi ya Native Tobacco Board, imene inakhazikitsidwa mu 1926. Chifukwa chimene ananena poyera chinali choti akufuna fodya wabwino, ndipo m'menemo munali zoona, poti fodya wosapsa bwino ankaonongadi mbiri ya dziko kumsika wa kunja. Koma taonani zida zimene anasankha. Mlimi aliyense alembetse. Wogula aliyense akhale ndi layisensi. Kugula kuchitike pamisika yokhayo imene bodi yaloza, pamasiku amene bodi yanena. Ndalama zoyendetsera bodiyo zichokere pa fodya wa mlimi yemweyo. Ndipo pakati pa anthu okhala m'bodimo panali Barron mwini wake, amene anali wogula wamkulu. Ophunzira anga a Fomu 3 ndimawafunsa kuti: ngati wogula ndi amene akukuuza kokagulitsira, mtengo auika ndani?

Misika itatu

Chuma cha dziko lonse lapansi chitagwa mu 1929, mitengo ya fodya inatsika. Bodi inaganiza zochepetsa alimi, ndipo njira yake inali yomweyo ya malo. Inachepetsa kukula kwa munda umene mlimi angalime. Akapitawo ake ankazula nazale ndi mbewu zimene ati n'zosayenera. Madera ena anangowachotsa pamndandanda wa kolima fodya. Mu 1933 misika ya m'dera lalikulu la fodya la chigawo chapakati inachepetsedwa mpaka kutsala itatu yokha. Palibe lamulo limene linati mlimi wa kutali asalime. Koma munthu woyenda masiku awiri ndi mtolo pamutu, akafika pamsika n'kuuzidwa mtengo wochepa, sangabwerere nawo mtolowo kumudzi. Amagulitsa basi, ndipo chaka chinacho salimanso.

Kuno kwathu fodya wa malonda anakhazikika kwambiri kumunsi, m'chigwa cha Bwanje, kumene anthu ankalima woumitsa padzuwa ndi pamphepo. Njanje yochokera ku Blantyre kupita ku Salima, imene inatha mu 1935, inadutsa m'chigwa momwemo, ku Bilila ndi ku Sharpevale. Sitima inalipo, fodya analipo, koma mlimi sakanatha kukweza mabelo ake n'kukadzigulitsira yekha. Fodya wolimidwa pamalo a mafumu anali ndi khomo limodzi lotulukira.

Mu 1937 mitengo inagweratu ndipo alimi anachita zipolowe pamisika, ena kukana kugulitsa. Ambiri anasiya kulima. Chaka chotsatira, mu 1938, okushoni inayamba ku Limbe, ndipo bodi inakhala yokhayo yogula fodya wa alimi a m'midzi n'kukamugulitsa kumeneko. Kusiyana kwa mtengo wa kumudzi ndi wa ku okushoni kunkatsala m'thumba la bodi. Zipolowezo zinaonetsa boma kuti anthu akwiya, koma khomo lija silinatseguke, linangosintha mlonda.

Panalinso ena amene anasankha njira ya kalata ndi misonkhano. George Simeon Mwase anayambitsa bungwe la Central Province Native Association ku Lilongwe mu 1927, ndipo madandaulo a alimi a fodya anali m'gulu la nkhani zimene bungweli linkatengera ku boma. Patapita zaka kunabwera James Ralph Chinyama, mlimi wa fodya amene anatsogolera alimi anzake pofuna mitengo yabwino, ndipo mu 1950 anakhala pulezidenti wa Nyasaland African Congress. Ife a ku Ntcheu dzina limeneli tiyenera kulisunga, chifukwa bambo ake anali Filipo Chinyama wa ku Dzunje, amene anagwirizana ndi John Chilembwe mu 1915 n'kuphedwa ndi atsamunda. Bambo anatenga mkondo, mwana anatenga bungwe la alimi, ndipo mu 1956 mwanayo anali mmodzi wa anthu akuda asanu amene anasankhidwa kulowa m'nyumba ya malamulo.

Gomani ndi malimidwe

Nkhondo yachiwiri itatha, malamulo a malo anafika m'munda weniweni wa chimanga. Awa ndi amene agogo athu amawakumbukira ndi dzina loti malimidwe: mizere ya m'munda iyende chopingasa, milambala ikumbidwe, m'mbali mwa mtsinje musalimidwe, mapesi azulidwe pofika tsiku lakuti. Wolephera ankalipitsidwa kapena kumangidwa. Kunena zoona, ena mwa malangizowa anali othandiza, ndipo mizere yopingasa timalima mpaka lero popanda wotikakamiza. Cholakwika chinali choti ankabwera ndi chikoti, popanda kufunsa eni minda.

Mu May 1953, pokana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, Inkosi Philip Gomani inauza anthu ake kuti asamvere malamulo a malimidwe ndi ena otere. Boma linaichotsa paudindo ndipo apolisi anapita ku Lizulu kukaigwira. Inkosi, imene inali kudwala, inaolokera ku Angonia pamodzi ndi mwana wake Willard ndi m'busa Michael Scott, koma Apwitikizi anaibweza m'manja mwa Angerezi. Inamwalira mu 1954. Chimene ndimafuna ophunzira aone pankhaniyi n'chakuti Gomani sanayambe ndi nkhani zakutali za ndale. Anagwira pamene anthu ankamva kuwawa tsiku ndi tsiku, pa lamulo louza munthu chochita pamalo pake. N'chifukwa chake anthu anamumvera, ndipo pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 malimidwe anali chimodzi mwa zinthu zimene zinakokera anthu a m'midzi ku Congress.

Ufulu unabwera, mpanda unatsala

Apa ndi pamene mbiri imawawa, chifukwa sitingaloze chala mzungu. Bodi ija inangosintha maina. Mu 1952 inatchedwa African Tobacco Board, mu 1956 inaphatikizidwa ndi mabodi a thonje ndi mbewu zina, mu 1962 inakhala Farmers Marketing Board, ndipo mu 1971 inakhala ADMARC. Mlimi wa kumudzi wolima chikopa kapena woumitsa padzuwa ankagulitsabe kwa wogula mmodzi, pamtengo woikidwa ndi wogulayo.

Kuonjezera apo, pansi pa lamulo la Special Crops Act, makamaka kuyambira mu 1972, fodya wa ndalama zambiri, wa bale ndi wa kampopi, anasungidwira maesiteti. Taganizirani minda iwiri yoyandikana, dothi limodzi, mvula imodzi. Wina uli pamalo a lizi, wina pamalo a mfumu. Woyambawo ukhoza kulima bale n'kukagulitsa ku okushoni, wachiwiriwo ukalima bale ndi mlandu. Amene anapindula anali andale, akuluakulu a boma ndi makampani monga Press Farming ndi General Farming, amene anali m'manja mwa Dr Kamuzu Banda. Phindu limene ADMARC inkapeza pa mbewu za alimi ang'onoang'ono linathandiza kukuza maesiteti omwewo. Anthu ambiri osauka anakalowa utenanti ku Kasungu, ku Mchinji ndi kumpoto, kukalima fodya amene sankaloledwa kulima kwawo.

Nanga anthu anatani? Nthawi imeneyo kutsutsa poyera kunali kudziputira ngozi. Ena ankalima mobisa n'kugulitsa kwa mwini esiteti wapafupi, amene ankatengera fodyayo ku okushoni m'dzina lake, mlimi n'kulandira zochepa. Koma ena analiwerenga bwino lamulolo. Anaona kuti silikufunsa kukula kwa munthu koma mtundu wa malo. Choncho mabanja ankaphatikiza minda yawo, kupempha chilolezo kwa mfumu, kulembetsa malowo ngati lizi, basi n'kukhala esiteti yokhala ndi layisensi ndi kota yake. Maesiteti amene anali pafupifupi 1,200 mu 1979 anaposa 14,000 pofika mu 1989, ndipo ochuluka mwa atsopanowo anali aang'ono. Anthuwa sanagwetse mpanda, anangopeza chipata chimene omanga mpandawo anadzisiyira okha. Komabe chipatacho chinali cha okhawo odziwa kulemba makalata ndi okhala ndi ndalama yoyendera m'maofesi. Chinabweretsanso mikangano ya malo m'mabanja, poti pepala la lizi linkakhala ndi dzina la munthu mmodzi pamene munda unali wa mbumba yonse.

M'zaka zomwezo lamulo la malo linagweranso masitolo. Kuyambira mu 1970 amalonda Achimwenye anauzidwa kuchoka m'madera a kumidzi, ndipo pofika mu 1978 ankaloledwa kuchita malonda m'mizinda inayi yokha: Blantyre, Zomba, Lilongwe ndi Mzuzu. Cholinga chinali choti Amalawi akuda atenge malondawo. Ena anatengadi, koma masitolo ambiri anakhala otseka chifukwa olowamo analibe mpamba, galimoto yokaoda katundu, kapena owakongoza. Amene munakula m'zaka za m'ma 1980 mukukumbukira nyumba za makhonde aatali zopanda kanthu m'mashelefu. Phunziro lake n'lakuti kuchotsa munthu pamalo sikupatsa mnzake mpamba.

Chipata chitseguka, kenaka chichepa

Mu nyengo ya 1990/91 alimi ang'onoang'ono analoledwa koyamba kulima bale, poyamba ochepa ndiponso ndi kota. Posakhalitsa makalabu a alimi anapatsidwa mwayi wotumiza mabelo awo ku okushoni osadzera ku ADMARC. Apa ndi pamene mwambi uja wakuti mutu umodzi susenza denga unaoneka ndi maso. Mlimi mmodzi sakanakwanitsa kulembetsa, kulipira thiransipoti ndi kudikira ndalama, koma anthu khumi kapena makumi awiri anakwanitsa. Mwa makalabu otere munatuluka bungwe la NASFAM mu 1997. M'zaka zochepa alimi ang'onoang'ono ndiwo ankalima gawo lalikulu la bale wa dziko lino, yemwe uja ankati sangamuthe.

Mu 1994 boma linalolanso ogula apakati, amene anthu ankawatchula kuti ma IB. Munthu wokhala ndi layisensi ankagula fodya kumudzi n'kukamugulitsa ku okushoni. Masikelo anabwereranso m'mbali mwa misewu monga zinalili Barron asanadandaule. Mlimi wofuna ndalama ya msanga anapeza pothawira, ndipo ena ankati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwamphepo. Koma madandaulo anachuluka: masikelo obera, kuba fodya m'zigafa, matenanti kugulitsa mozemba, alimi kuthawa ngongole za feteleza, ndi mabelo osakaniza. Cha m'ma 2000 boma linathetsa dongosololi. Mbiri ya 1926 inabwerezeka pafupifupi ndendende, ndipo ulendo uno ena mwa odandaula anali alimi enieni.

Ife tili ndi china chimene maboma ambiri alibe, ndicho malire. Kuchokera mu pangano la Angerezi ndi Apwitikizi la 1891, dziko linadulidwa pakati pa abale, ndipo msewu wa M1 pa Lizulu ndi madera oyandikana nawo umayenda m'malire enieniwo. Tsidya linalo, ku Angonia ndi ku Tsangano ya ku Mozambique, fodya amayendera dongosolo lopereka dera lonse kwa kampani imodzi. Kampaniyo imakongoza mbewu ndi feteleza, ndipo alimi a m'deralo amayenera kugulitsa kwa iyo. Yodziwika kwambiri m'chigawo cha Tete ndi Mozambique Leaf Tobacco, imene inamanga fakitale mumzinda wa Tete pakati pa zaka za m'ma 2000. Choncho mitengo ikakoma kuno fodya amaolokera kuno, ikakoma uko amaolokera uko, usiku panjinga. Wozembetsa amapeza ndalama ya tsiku limenelo, koma akagwidwa amataya zonse, ndipo lamulo limene akulithawalo limakhala pomwepo kudikira mwana wake.

Mavenda a m'matauni nawo anakumana ndi "pano ayi" wawo mu April 2006, pamene boma la Bingu wa Mutharika linachita Operation Dongosolo, kuwachotsa m'misewu kuti akalowe m'misika yoikika. Misewu inayera, koma kumene misika inali yochepa kapena yakutali ndi ogula, mavenda anabwerera pang'onopang'ono.

Nanga lero?

Tsono tibwere kwa inu amene mukufuna kutsegula kabizinesi. Choyamba, musasakanize zinthu ziwiri. Kugula masamba kwa alimi kuti mukagulitse, popanda chilolezo cha Tobacco Commission, bungwe limene linalowa m'malo mwa Tobacco Control Commission pa lamulo la 2019, ndi mlandu kulikonse kumene mungaimike sikelo. Pamenepo vuto si malo. Koma shedi yodindira mabelo, sitolo ya zipangizo za alimi, okala kapena benchi la pamsika, zimenezo zimayendera malamulo a khonsolo ndi a mapulani.

Lamulo la Local Government Act la 1998 limapatsa makhonsolo mphamvu yopanga malamulo a m'dera lawo, kuphatikizapo a misika. Lamulo la Physical Planning Act la 2016, limene linalowa m'malo mwa Town and Country Planning Act ya 1988, linaika dziko lonse pansi pa mapulani, osati matauni okha ayi. Kumanga, kapena kusandutsa nyumba yogona kukhala ya malonda, kumafuna chilolezo. Koma pali kusiyana kwakukulu ndi nthawi ya agogo athu. Malamulo aakulu a dziko a 1994, pa gawo 29, amapatsa munthu aliyense ufulu wochita ntchito yopezera chuma paliponse m'Malawi. Gawo 43 limati ofesi ya boma ikapanga chiganizo chokhudza ufulu wanu, ichite motsata lamulo ndi mwachilungamo, ndipo ikupatseni zifukwa zake zolembedwa. Ufuluwu uli ndi malire ake, koma woika malirewo ayenera kuonetsa lamulo limene waimapo. Mlimi wa mu 1933 analibe pepala lotere.

Mmodzi wa inu, amene sindimutchula dzina, anandifotokozera zimene zinamuchitikira. Anayamba kuumba njerwa za shedi yoikamo jeke, ndipo munthu wina wochokera ku ofesi ina anamuuza pakamwa kuti malowo ndi osaloledwa, koma "tikhoza kukambirana". Mnyamatayo sanakalipe ndipo sanapereke kanthu. Analemba kalata yopempha kuti amuuze molemba lamulo limene likumuletsa, n'kusunga kope lake lodindidwa. Yankho litabwera, zinapezeka kuti vuto silinali fodya konse, koma kuti khoma lakutsogolo linalowa m'malire a msewu. Anabweza maziko m'mbuyo, napempha chilolezo, ndipo shediyo ikugwira ntchito. Akanapereka kangachepe kaja, bwenzi khomalo lili pomwepo kudikira tsiku logwetsedwa.

Kuchokera m'mbiri yonseyi, ine ndimaona mafunso anayi oyenera kufunsa munthu akakuuzani kuti pano ayi. Kodi lamulolo linalembedwa pati? Kodi likuteteza ndani? Kodi likugwira aliyense mofanana, kapena mnzanu wa pafupi walekereredwa? Nanga wosakhutira akadandaule kuti? Lamulo la mapulani lili ndi njira ya apilo, ndipo nthawi yake ndi yoikika, choncho musazengereze. Kulinso khansala wa dera lanu, komiti ya msika, ofesi ya Ombudsman ndi makhoti. Ngati vutolo likukhudza ambiri, pitani ngati gulu, ndi kalata imodzi yosainidwa ndi onse.

Funso lachiwiri lija, loti likuteteza ndani, lili ndi mbali ziwiri, ndipo pano ndilankhula ngati mphunzitsi. Si lamulo lililonse la malo limene ndi la Barron. Fodya amapha anthu, ndipo ambiri osuta amayamba ali pasukulu, ndi ndudu imodzi yogula pa okala. Dziko lathu linalowa m'pangano la bungwe la zaumoyo padziko lonse lochepetsa kusuta mu 2023, ngakhale kuti fodya ndi amene amatibweretserabe gawo lalikulu la ndalama zakunja. Wina akakuuzani kuti musagulitse ndudu pampanda wa sukulu kapena pachipata cha chipatala, ameneyo akuteteza ana anu omwe, ndipo ine ndidzakhala mbali yake ngakhale mutakhala kuti munali wophunzira wanga wokondedwa. Chimodzimodzi shedi yodzaza masamba ouma pakati pa nyumba zofolera udzu, moto ukabuka sufunsa mwini layisensi. Lamulo loteteza mwana, msewu kapena mudzi limatha kufotokoza chifukwa chake poyera. Loteteza thumba la munthu ndi limene limaopa kulembedwa.

Tikayang'ana m'mbuyo, zipolowe za 1937 zinagwedeza boma koma wogula anatsala mmodzi. Kuzembetsa kwadyetsa mabanja ena koma sikunasinthe chilembo n'chimodzi chomwe. Zimene zinasuntha mpanda ndi mabungwe a alimi, mafumu oima ndi anthu awo, mabanja amene anawerenga lamulo n'kupeza chipata, ndi makalabu a m'ma 1990. Zonsezi zinafuna anthu odziwa kuwerenga ndi kulemba kalata, ndipo ntchito imeneyo ndi yathu aphunzitsi.

Pempho langa kwa aphunzitsi a mbiri ndi la Social Studies ndi ili. M'midzi ya ku Bwanje, ku Kasinje ndi ku Kandeu mukadali agogo amene anagulitsapo fodya ku Farmers Marketing Board ndi ku ADMARC, ena anakhalapo matenanti, ena anali m'makalabu oyambirira a bale. Tumani ophunzira patchuthi akawafunse kuti msika unali pati, ankayenda mtunda wotani, ankayeza ndani, ndipo wokana mtengo ankamutani. Alembe m'makope, mayina a malo ndi zaka zake, tidzasonkhanitse. Mabuku athu a silabasi amakamba za mabwanamkubwa ndi mapangano, koma za msika wa fodya wa kwathu kuno akudziwa ndi agogowo, ndipo sakhala nafe mpaka kale.

Kwa inu ophunzira anga akale, Mulungu adalitse ntchito za manja anu.